Sikuluwu za Mpeni wa Ababa

Foni inandipeza ndili pakati pa diresi ya mwini wake, pakhonde la sitolo pamene ndimasokera ku Balaka. Anali amjomba, mchimwene wawo wa malemu amayi, ndipo sanataye nthawi ndi moni wautali.

"Bambo ako adzicheka chala dzulo. Nkhuku yawapulumuka m'manja khosi lili theka. Tagwirizana kuno kuti mbuzi ya pa sadaka ya mayi ako sazinga iwowo. Ndizinga ine."

Ndinawafunsa kuti agwirizana ndi ndani. Anati ndi anthu. Ndinati anthu ake ati, poti ine ndine mwana woyamba m'nyumba imeneyo ndipo palibe wandifunsa. Anadula foni. Ndinatsala ndikuyankhula ndekha, phazi likupalasa mashini popanda nsalu, mpaka mwini sitolo anasuzumira kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati iyayi, sizinagwe, koma zigwa mawa ndikafika.

Ababa ndiwo akhala akuzinga nyama m'mudzi mwathu ku Chikweo kuyambira ndisanabadwe. Nkhuku, abakha, mbuzi, zonse zinkadutsa m'manja mwawo. Ngakhale Akatolika a tsidya la dambo, akakhala ndi ukwati kapena maliro, ankabwera ndi nkhuku zili lendelende pahandulo ya njinga, kuti ife anansi awo Asilamu tikadye nawo mtima uli m'malo. Ababa ankasamba m'manja, kulozetsa nyamayo kumene timayang'ana poswali, kutchula dzina la Mulungu, kenako kudutsitsa mpeni kamodzi kokha, basi. Sankabwereza. Ankati nyama ukaibwereza mpeni waizunza. Mphoto yawo inali khosi la nkhukuyo, moti ife ana tinakula tikudya makosi mpaka kutopa nawo.

Mudziwo si wawo, ndi wa amayi. Iwo anangobwera kudzakwatira, anamanga nyumba, nakalambira pomwepo. Mkamwini akaferedwa mkazi, anthu amayamba kumuyang'ana ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Ababa zimenezi ankazidziwa, ndipo sankadandaula. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anachitchula chaka chonse chija amayi atatisiya: mbuzi ya sadaka yokumbukira amayiwo. Anaisankha okha ili kamwana, kuimangirira okha, kuithyolera masamba okha. Tsopano kunatsala milungu iwiri, ndipo amjomba akuti azinga iwo. Amjomba omwewo amene nkhuku amaicheka ngati akudula chingwe cha khonje!

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, kuchoka apo ya ku Ntaja, kenako njinga yamoto imene inandigwedeza matumbo mpaka kufika. Ababa ndinawapeza pakhonde, chala cha mkombaphala chitakulungidwa ndi kansalu, manja onse awiri atawabisa pakati pa mawondo. Amjomba anali pomwepo, pampando wabwino, ngati nyumbayo ndi yawo. Titapatsana moni, anayamba kundifotokozera ndisanafunse. Mayi wina wa Chikatolika anabwera ndi tambala woti aphikire alendo. Mpeni unapindikira pachala cha ababa ali mkati mozinga, tambala uja anawapulumuka, kuthamanga bwalo lonse akuwaza magazi, mpaka anakafera pansi pa nkhokwe. Nyama yotero ife sitidya. Mayi uja anamunyamula n'kumapita.

"Manja atha awa," anatero amjomba, ababa ali pompo. "Ukalamba sitikangana nawo."

Ababa anayankha chapansipansi, maso ali pansi. "Ndi mpeniwu, alamu. Watha. Ndipo mukudziwa kuti ine sindizinga ndi mpeni wa munthu wina. Mudzazinge inuyo basi."

Ndinati andipatse mpeniwo ndiuone. Ndi mpeni wopinda, wa chogwirira chakuda, chitsulo chake chotalika kuposa chikhatho changa. Mlongo wanga anawabweretsera kuchokera ku Joni zaka zingapo zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo unkakhala m'thumba la mkanjo wawo tsiku lililonse. Nditautsegula, chitsulo chinali gwedegwede. Pa mfundo pamene mpeni umapindikira pali sikuluwu yaikulupo, ndipo imeneyo inali itamasuka. Pa chogwirira pamayenera kukhala timasikuluwu tiwiri, koma panatsala kamodzi, penapo pali bowo chabe. Ndinakanikiza msana wa chitsulocho pa nsanamira, n'kupindika popanda kulimbana.

"Mwaona?" ndinatero. "Mpeni uwu ukanacheka aliyense, ngakhale inuyo amjomba ndi manja anu abwinowo."

"Iwe, ika pansi mpeni umenewo. Mpeni wozingira sagwira munthu wamkazi."

Asa! Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi amene ankautsuka magazi ndi kuupukuta anali ndani, ngati sanali mlongo wawo yemweyo. Ndinawauza kuti andionetse pamene zinalembedwa. Anati mkamwa mwanga ndi momwe munandithawitsira mwamuna. Ndinati eya, ndipo sindinamulondole. Ababa anakweza dzanja lomangidwa lija kuti tileke.

"Usiye, mwanangu. Usavutike nawo."

Anabwerezanso mawu omwewo amjomba atachoka, ndipo ine ndinamva munthu amene wagonja chifukwa alibe womuyankhulira. Zinandiwawa koopsa. Munthu amene mudzi wonse wadya kudzera m'manja mwake, lero akupepesa chifukwa cha kasikuluwu! Atapita kumzikiti masana, mpeniwo anausiya pawindo. Ndinaukulunga m'mpango, kuuponya m'chikwama, n'kutsanzika nkhuku zokha.

Ine ndine telala. Mashini yanga ndimaimasula ndekha, kuitsuka ndekha, kuibwezera ndekha, ndipo amakaniko a mashini anasiya kalekale kuima pakhonde langa. Ndinkaganiza kuti mpeni ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nditafika ku Balaka ndinatulutsa timasikuludiraiva tanga tonse, kakang'ono ka pa bobini ndi kakakulu ka pa singano, n'kupeza kuti palibe kolowa. Mitu ya sikuluwu za mpeniwo ilibe mzere umene tinauzolowera. Ili ndi kabowo kokhala ngati nyenyezi. Amene anapanga zimenezi anachitira dala kuti ife tisamazigwire.

Ndinayamba ndapita kwa owotcherera zitsulo, kufunsa ngati ali ndi chomasulira chotero. Mkulu wawo anautembenuza mpeniwo kawiri, n'kunena kuti angouwotcherera pa mfundopo ukhale wosapindanso, nkhani ithe. Ndinamulanda. Mpeni wa ababa umakhala m'thumba la mkanjo, ndiye ukhale wosapinda kuti uwabaye ntchafu? Wa hadiweya anati nditaye ndigule wina, ali nayo yambiri yonyezimira. Ndinangotuluka. Wa kabaza wina amene anamva ndikudandaula ndiye anandiuza kuti timasikuluwu ta nyenyezi timapezeka m'mafoni, ndipite kwa okonza mafoni kumsika.

Wokonza mafoniyo anali nazo zomasulira zotero bokosi lonse. Anati ndiusiye, ndidzautenge mawa. Ndinati iyayi, angondibwereka, ndikhala pabenchi pomwepo.

"Amayi, iyi si zipi," anatero akuseka.

"Ndikudziwa, achimwene. Zipi ndi yovuta kuposa apa."

Anandipatsa. Kasikuluwu ka pa chogwirira kanatuluka bwinobwino. Koma yaikulu ija, ya pa mfundo, chomasulira chinkangozungulira osagwira. Wa mafoni uja anaiyang'ana ndi galasi lake lokuzira zinthu, kenako anandipatsa kuti ndione ndekha. Nyenyezi ija inali itaphwanyika mano onse, ndipo mozungulira munali timikwawu tonyezimira, tatsopano.

"Apa wina wapotokola ndi msomali kapena nsonga ya mpeni," anatero. "Ndipo si kale."

Sikuluwu siimasuka yokha n'kudzikanda yokha. Wina anaimasula, ndipo ndani wina amene amalowa m'nyumba ya ababa osaodira, amene wakhala akuusirira mpando wa wozinga nyama chaka chonse? Ndinabwerera pakhonde langa ndikutukwana amjomba njira yonse, anthu akundipatukira.

Tsiku limenelo sindinasoke. Ndinadontheza mafuta a mashini pa mfundopo, kuusiya padzuwa kuti alowerere. Kenako ndinapempha chidutswa cha sowo yodulira zitsulo kwa okonza njinga, ndinapana mpeniwo pakati pa mawondo, n'kuyamba kucheka mzere pamutu wa sikuluwuyo, kuti sikuludiraiva yanga ya masiku onse ipeze pogwira. Mutuwo ndi waung'ono ngati njere ya mapira. Sowo inkaterereka, kukanda chogwirira, kundisenda chala chachikulu. Amayi amene amagulitsa mandasi pafupi nane anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati pali amene ndikufuna kukamubaya. Ndinati alipo, koma ndiyamba ndakonza kaye mpeniwu.

Mzere utaoneka, ndinaika sikuludiraiva, kukanikiza ndi thupi lonse, ndipo inatembenuka. Ndinakuwa ndekha ndi chisangalalo. Koma chisangalalocho sichinakhalitse. Sindinkadziwa kuti mkati mwa mfundomo, mbali zonse ziwiri za chitsulo, muli timawashala tiwiri topyapyala kuposa chikhadabo. Nditakoka chitsulo, kena kanagwera pamiyendo panga, kena kanagubuduka kutsika khonde n'kulowa mumchenga wa m'mphepete mwa msewu. Mayo ine! Ndinagwada pamenepo, mayi wamkulu ndi mpango wanga, ndikupapasa fumbi, akabaza akuliza mabelu kuti ndichoke. Mapeto ake ndinabwereka sefa ya ufa kwa amayi a mandasi aja, ndinakokolola mchenga wonse wa pamalopo m'beseni, n'kuyamba kusefa. Ndinapeza mabatani, singano zothyoka, chitsekerero cha botolo, ndipo pa beseni lachitatu kawashala kaja kanatsala pasefa. Sefayo ndinaitsuka katatu ndisanabweze, komabe mwini wake anandinena sabata yonse.

Tsopano panafunika sikuluwu zatsopano. Ya pa mfundo inali yotha mano kunsi komwe, ndipo pa chogwirira panasowa kamodzi. Kwa wa mafoni zonse zinali zazing'ono kwambiri. Kwa okonza mawailesi zinali zonenepa. Ndinayesa za magalasi a maso, za wotchi ya pakhoma, za loko wa sutikesi. Masiku atatu ndinazungulira Balaka yense ndi kabotolo ka timasikuluwu m'manja, makasitomala akudikira zovala zawo, wina mpaka anatenga nsalu yake kupita nayo kwina. Apite. Ndinazipeza pansi pa tebulo langa lomwe. Pamenepo pamakhala mutu wa mashini yakale imene inafa, imene ndimachotsako zipangizo. Kasikuluwu kogwira mano okoka nsalu kanalowa pa mfundo ngati kanabadwira pomwepo, kungoti kanali kotalikirapo. Ka pa chivindikiro cha bobini kanakwana pa chogwirira.

Kotalikako ndinakapana ndi pulayala n'kumakapala pamwala wonolera sizasi, pang'onopang'ono, ndikuyesa, ndikupalanso. Kubwezera kunali ntchito inanso. Timawashala tija timaterereka ukamalowetsa chitsulo, ndiye ndinatimata ndi kadontho ka mafuta, n'kulowetsa singano yaikulu pabowo kuti zonse zikhale pamzere umodzi. Ulendo woyamba ndinamanga kwambiri, mpeni unakana kutseguka. Ndinabweza pang'ono, unayambanso kugwedera. Pakati pa ziwirizi pali kamalo kakang'ono kwambiri, ndipo kamapezeka ndi zala, osati ndi maso. Nditakapeza, ndinamasulanso dala, kupaka kyuteksi wa m'zikhadabo pa mano a sikuluwuyo kuti ikauma isadzabwererenso yokha, n'kumanganso mpaka pa kamalo kaja.

Nditautsegula, unalira kuti thwa, n'kuima nji. Ndinakanikiza msana wake pa tebulo ndi mphamvu zanga zonse, osapindika. Ndinaunola, ndinaimika kansalu m'mwamba ndi dzanja limodzi, mpeni unadutsa osakoka ulusi ngakhale umodzi. Sindibisa, ndinadzimva. Ndinauonetsa kwa wa mafoni, kwa owotcherera, kwa aliyense amene anandiseka.

Ndinafika kumudzi m'mawa wa tsiku la sadaka. Anthu anali atadzaza kale, amayi kuseri akupeta mpunga, amuna pamikeka pansi pa mtengo wa mango, ashehe ali pakati pawo. Mbuzi ija inali itamangiriridwa pa chitsa, ndipo amjomba anali chiimire akunola chimpeni chawo cha kukhitchini pamwala, mokweza, kuti aliyense amve. Sindinapite kuseri. Ndinalunjika pamikeka pomwepo, ndinagwada monga mwa ulemu, ndinapereka moni, kenako ndinamasula mpango n'kuika mpeniwo patsogolo pa ababa.

"Mpeni wanu uwu, ababa. Ndaukonza. Mbuzi ya amayi muzinga ndinu."

Amjomba anautola, kuutsegula, kuugwedeza, kuukanikiza pamtengo. Sunasunthe. Unadutsa m'manja mwa amuna angapo, aliyense akuyesa, wina mpaka anati koma mwanayu ndi mmisiri. Ndikanalekera pomwepo. Koma ine pakamwa panga sipadziwa malire.

"Ndipo mudziwe kuti sunamasuke wokha," ndinatero, maso anga ali pa amjomba. "Wina anaupotokola ndi msomali. Zipsera zake ndaziona ndi maso angawa. Amene anachita zimenezo akudzidziwa, ndipo Mulungu akumuona."

Amjomba anatsegula pakamwa, koma ababa anayamba ndiwo kudzuka. Anatenga mpeniwo, n'kundiuza kuti ndiwatsate. Tinapita kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe munthu.

"Tayang'ana kuno," anatero.

Anatambasula dzanja lamanja, lopanda kanthu. Linkanjenjemera. Osati pang'ono ayi, linkagwedezeka kuyambira pamkono mpaka kunsonga za zala, ndipo akamayesa kuliletsa ndi pamene limachita kunyanya. Ndinakumbukira kuti tsiku lija anali atabisa manja pakati pa mawondo, ndipo ine, ndi maso anga a telala amene amaona ulusi umodzi wokhota, sindinaone.

"Miyezi inayi tsopano," anatero. "Tambala uja mpeni unali bwinobwino. Dzanjali ndi limene linadumpha, chala n'kukankha kachitsulo koletsa mpeni kupindika. Anthu atabalalika ndinatenga msomali ndekha, ndinamasula sikuluwu ija, kena ka pa chogwirira ndinakataya m'chimbudzi. Ndinkafuna anthu azinena kuti mpeni wa mkulu uja unatha, osati mkulu uja anatha. Ndinakuuza kawiri kuti usiye. Tsopano wandivula pagulu, ndipo wanamizira alamu anga mlandu wa ine."

Ndinasowa pothawira. Masiku onse aja ndikusefa mchenga, ndikudzitama kumsika, ndinali ndikugwetsa kakhoma kokhako kamene munthu wamkuluyu anadzimangira kuti abisalepo. Manyazi anandigwira, misozi inabwera, koma pambuyo pake panabweranso mkwiyo, ndipo sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani, kaya iwo, kaya ine, kaya dzanjalo.

"Ababa, ndalakwa, ndavomera. Koma ndiyankheni chimodzi. Mbuzi ija mukufuna kuizinga kapena simukufuna?"

Anayang'ana kumene inamangiriridwa.

"Mbuzi ya mayi ako? Ndaidyetsa chaka chonse ndikuyankhula nayo ngati ndikuyankhula ndi iwo. Ungandifunse zimenezo? Koma ndikaizunza pamaso pa anthu, nyama yonse iwonongeka, ndipo sadaka ya mkazi wanga idzakhala nthano m'mudzi muno."

"Tiyeni," ndinatero. "Inu gwirani mpeni. Zinazo musiyire ine."

Sanandifunse kuti ndikutanthauza chiyani. Mwina anatopa kukangana nane. Tinabwerera, ndipo iwo anauza amuna kuti aigwetse mbuziyo. Anakumba kadzenje ka magazi, amuna awiri anagwira miyendo, wina mutu, anailozetsa koyenera. Pamalo pozingira sipafika mkazi, ndipo amayi onse anali kutali, kuseri kwa mpanda. Ababa anasamba m'manja, anagwada, anatsegula mpeni. Nsonga yake inkavina aliyense akuona. Ndinamva wina akunong'ona, ndinaona amjomba akusendera pafupi ndi chimpeni chawo chija.

Ndinadutsa pakati pa amunawo, ndinagwada kumbuyo kwa phewa la ababa, ndinagwira mkono wawo ndi manja anga onse awiri, lina pachigongono, lina pamwamba pa chikhatho.

"Iwe! Choka apo!" anakuwa amjomba. "Zinayamba zachitika kuti zimenezi? Ashehe, mukuziona?"

Sindinachoke, ndipo sindinawayang'ane. Ashehe anafunsa funso limodzi lokha, kuti mpeni uli m'dzanja la ndani. Wina anayankha kuti la mwini wake. Ashehe anati ndiye atchule dzina la Mulungu, nyama ikuvutika ndi kudikira.

Mkono wa ababa unali wowonda kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo kunjenjemera kuja ndinkakumva m'mafupa anga. Ndinaufinya monga ndimagwirira nsalu yoterera pansi pa singano, osaukankha, osaukoka, kungouletsa kuthawa. Anatchula Bisimila ndi mawu awo akale aja, ndipo dzanja linapita lokha njira imene lakhala likuidziwa zaka zonse. Kamodzi. Magazi anathovokira m'dzenje, ena pa chitenje changa, mbuzi inaphupha pang'ono n'kutambasuka. Amuna amene anagwira miyendo anayang'anizana, mmodzi anagwedeza mutu kuvomereza.

Ababa anapukuta mpeni paubweya wa mbuziyo, anaupinda, anaimirira pogwira phewa langa. Ndinkaganiza kuti abwerera pamkeka mwakachetechete. Koma anakweza dzanja lija m'mwamba, poyera, likunjenjemera, kuti ngakhale amayi a kuseri kwa mpanda alione.

"Mwaliona ili? Si mpeni ayi. Mpeni ndinauwononga ndekha ndi msomali chifukwa cha manyazi, ndipo alamu angawa alibe mlandu. Mwana wanga waukonza, ulibe vuto. Chatha ndi ichi. Kuyambira mawa nkhuku zanu muzipita nazo kwa alamu. Ya mkazi wanga ndazinga ndekha."

Anakakhala pamkeka, manja ali pamawondo osawabisanso, ndipo amuna anayamba kusenda mbuzi.

Tsiku lomwelo, anthu atadya, ndinapita kwa amjomba, ndinagwada, ndinapepesa chifukwa chowanamizira pagulu. Ndinapepesa ndi mtima wonse, chifukwa ndinawalakwira zedi. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Nanga zija unachita pambuzi paja, pamaso pa amuna ndi ashehe?" Anadikira. Azakhali awiri amene anali pambali nawonso anadikira. Ine ndinadzuka, ndinakutumula fumbi m'mawondo, ndinawauza kuti chimene ndabwerera kudzapepesa ndapepesa, ndipo chinacho akadikira adikira mpaka kale.